Njoka imene Nangozo anaipeza pamsewu wamchenga ku New Jersey

Nangozo: Abale anga mwaswera bwanji kumeneko. Wodziwa njoka andithandize. Dzulo masana ndimachokera kwa agogo amene ndimawasamalira aja, ndiye foni inandilozera njira yachidule ya m'nkhalango, kum'mwera kwa New Jersey kuno ku America. Msewu wake wamchenga woyera ngati wa kunyanja ku Salima. Ndinangoona chinthu chapingasa msewu, ine nkumati ndi chingwe. Nditaimika galimoto ndinaona kuti ndi njoka, yoyererako ya mawanga akuda, kutalika ngati chitseko. Nditatsitsa galasi kuti ndijambule, abale inu, phokoso lake! Ngati tayala la lole likuphwa. Uku mchira ikugwedeza m'masamba ouma. Chithunzi ndi chimenecho, chasokonekera chifukwa manja amanjenjemera. Malo ake ndaikanso pamapupo.

Mai a Yamikani: Mayo ine! Achemwali mukanabwerera pomwepo. Njoka yakupingasirani njira masana dzuwa likuswa mtengo, inu nkumajambula?

Kondwani: Mukanangoiponda ndi galimoto, nkhani ikanathera pomwepo kkkkk

Nangozo: Achimwene, galimoto yake ndi yangongole, ndimaopa kuti ingalowe mu injini kkkk. Ndinadikira mpaka inalowa yokha patchire.

Aphunzitsi Gondwe: Mwachita bwino osaiponda. Ndakulitsa chithunzicho. Taonani mutu: ndi waung'ono poyerekeza ndi thupi, ndipo mphuno ndi yosongoka. Mawanga akutsogolo ndi osakanikirana, akumchira ndi ooneka bwino. Imeneyo azungu amaitcha pine snake, tingoti njoka ya m'mapaini. Dzina la sayansi ndi Pituophis melanoleucus, ndipo mawu achiwiriwo akungotanthauza kuti yakuda ndi yoyera. Anailemba m'mabuku koyamba ndi Mfalansa wina, Daudin, mu 1803. Ilibe ululu ngakhale pang'ono. Imapha mbewa pozifinya, ngati mmene ichitira nsato.

Mai a Yamikani: Aphunzitsi, njoka yopanda ululu ingamalire chonchija? Mphiri nayo imafufuma nkumapuma mwaukali, ndipo mukudziwa zimene imachita.

Aphunzitsi Gondwe: Mayi, mphiri ikamachita phokoso imakhala ili ndi zida m'kamwa. Iyiyi ndi mawu okha. Pakhomo pa kholingo lake pali kafupa kofewa koimirira, komanso mkati muli kanembanemba kamene kamanjenjemera mpweya ukamatuluka mwamphamvu. Ndiye phokoso limakula kuposa la njoka zina zambiri. Kugwedeza mchira m'masamba ouma kumamveka ngati rattlesnake, njoka ija ili ndi maseche kumchira, imene ndi yaululu zedi. Chilombo chikamva chimaganiza kawiri. Tsoka lake nlakuti munthu akamva amathamangira chibonga.

Kondwani: Ndiye ndi ngati galu wa kwa amalume uja, kuuwa kokhakokha mano alibe

Aphunzitsi Gondwe: Mano ili nawo, mukaigwira ikulumani ndithu, magazi atuluka. Koma mukatsuka bala ndi sopo zatha.

Tadala: Ndalowa mochedwa, ndinali m'kalasi. Anti Nangozo, choyamba, chonde fufutani mapu mwaikawo. Ndifotokoza.

Nangozo: Iii mwanawe, ndalakwanso?

Tadala: Ayi anti, simunalakwe, koma gulu lino lili ndi anthu ambiri ndipo zithunzi zimayenda. Ku New Jersey njokayi ili pa mndandanda wa nyama zimene zikuchepa, kuipha kapena kuigwira ndi mlandu. Pali anthu amene amazisaka kukagulitsa kwa oweta njoka m'nyumba, ndipo nthawi yawo ndi inoyi. Kumapeto kwa June ndi kumayambiriro kwa July zazikazi zimatuluka kukafuna poikira mazira. Njoka imeneyi moyo wake wambiri imakhala pansi panthaka, moti anthu obadwira konko ena sanaionepo. Inu mwaiona masana, pamchenga, m'sabata ino. Sindingalumbire, koma mwina ndi yaikazi ndipo chisa chili pafupi.

Nangozo: Ndafufuta. Koma ndiye ndinali ndi mwayi osadziwa.

Mai a Yamikani: Mwayi wake umenewo undipitirire ine.

Chimwemwe CPT: Chisa cha njoka? Si zimangoikira m'mauna a mbewa kapena pachulu?

Tadala: Apa ndi pamene njokayi imasiyana ndi zinzake, achimwene. Njoka zambiri zimabwereka una wa wina kapena kuikira pansi pa chipika chowola. Iyi ku New Jersey imakumba yokha. Pamphuno pake pali mamba amodzi aakulu olimba, okwera m'mwamba ngati khasu. Imabaya mchenga ndi mphunoyo, kenako imapinda khosi ngati ngowe, nkukokera mchenga panja. Kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka. Dzuwa likatentha kwambiri imapuma, nkudzayambanso. Ntchitoyi imatenga masiku awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira, ndipo una wake umatha kupitirira mita imodzi. Kumapeto imakuza kachipinda nkuikira mazira, kawirikawiri 8 kapena 9, akuluakulu, achikopa, omatirirana. Ikatero imachoka. Sifungatira ngati nsato yakwathu ija imadzikulunga pamazira. Ntchito yotenthetsa imasiyira dzuwa, nchifukwa chake imasankha poyera, popanda mthunzi wa mitengo. Ana amaswa patatha miyezi iwiri kapena kupitirirako pang'ono, kumapeto kwa August kapena mu September.

Kondwani: Kukumba mita yonse popanda manja. Ine ndi khasu dzenje la zinyalala linanditengera sabata kkkk

Tadala: Ndipo zimabwerera malo omwewo chaka ndi chaka, nthawi zina zazikazi zingapo kuikira mu una umodzi. Wakuba akadziwa malo amodzi, wapeza pokolola chaka chilichonse. Nkhandwe, akanyimbi a kumeneko ndi tinyama tonga amphaka aakulu totchedwa raccoon nawo amafukula mazira, koma amenewo ndi adani akalekale. Njinga zamoto zimene anthu amathamangitsa m'mchenga posangalala ndiye zimagumula zisa zambiri.

Aphunzitsi Gondwe: Zimene akunena Tadalazi zinadziwika chifukwa cha anthu awiri amene akhala akuzitsata kwa zaka zambirimbiri, mayi Joanna Burger a ku yunivesite ya Rutgers ndi bambo Robert Zappalorti. Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha nyengo yachisanu. Kumeneko kukazizira, cha mu October kapena November, njoka zimalowa pansi, nthawi zambiri potsata mizu ya chitsa chowola kapena una wakale wa nyama, nkukumba tizipinda tawo, osatuluka mpaka March kapena April. Anthu awiriwa ndi ophunzira awo amafukula malo amenewa chisanu chikamatha, kuyeza njoka iliyonse, kuiika kachizindikiro pansi pakhungu, kenako kukonzanso unawo nkuzibwezera. Potero anapeza kuti njoka zomwezo zimabwerera malo omwewo, ndipo zina zimafika zaka 20.

Nangozo: Nanga tiana tija timadziwa bwanji kolowera, poti mayi anathawa kalekale?

Aphunzitsi Gondwe: Ndi lilime. Njoka ikamatulutsa lilime imakhala ikutola fungo. Mayi Burger anayesa tiana tongoswa kumene pa kanjira ka mphanda: mbali ina fungo la njoka yamtundu wawo, mbali ina popanda kanthu. Timatsata fungo la akuluakulu awo. Akaika fungo la kingsnake, njoka imene imadya njoka zinzake, timapatuka. Palibe anatiphunzitsa.

Madala Nkhoma: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndagwira ntchito m'mapaini zaka zanga zonse, Chikangawa, Dedza, Zomba, mpaka kupuma. Njoka ya m'mapaini yotereyi sindinaionepo. Kodi mbewu za paini zinabwera, njoka nkutsala?

Tadala: Agogo, inatsaladi kkkk. Njokayi ndi ya ku America kokha, makamaka kum'mwera chakum'mawa: Carolina, Georgia, Florida, Alabama, Tennessee. Za ku New Jersey zili pazokha ngati pachilumba, kutali ndi zinzake. Koma ngakhale mukanaitengera ku Chikangawa sikanakhala. Dzinali limanamiza. Sikuti imakonda mtengo wa paini. Imafuna mchenga wofewa wokumbika, dzuwa lofika pansi, ndi udzu woti mbewa zizidya. Zinangochitika kuti kwawoko malo otere ndi amene pamamera paini wachilengedwe, wotalikirana, woti munthu nkuyenda pakati pake dzuwa likumuwomba.

Madala Nkhoma: Apo ndamva. Wathu uja timadzala mothithikana m'mizere, akakula pansi pamakhala mdima ndi masamba okhaokha, udzu osamera. Mbewa simungaipeze mkati mwenimweni. Ndipo paini si mtengo wakwathu. Wambiri ku Chikangawa ndi patula, kwawo ndi ku Mexico. Mahekitala 53,000 aja anadzalidwa poganiza za fakitale ya mapepala imene sinamangidwe.

Tadala: Ndiye vuto lomwelo lili kuno ku Louisiana kumene ndikuphunzira za nkhalango. Kale kuchokera ku Virginia mpaka ku Texas kunali nkhalango ya paini wotchedwa longleaf, mahekitala pafupifupi 37 miliyoni. Malawi yense ndi mahekitala 11.8 miliyoni, ndiye werengani Malawi atatu. Anaidula chifukwa cha matabwa ndi utomoni wopangira phula la zombo, mpaka panatsala pafupifupi magawo atatu okha pa 100 alionse. Malo ambiri anadzalamo paini wina wokula msanga, mothithikana ngati mmene mwanenera agogo. Munthu wodutsa pamsewu amaona mitengo yobiriwira nkumati nkhalango ilipo. Njoka inatha kale m'menemo.

Koma chachikulu chimene chinasowa ndi moto.

Madala Nkhoma: Moto? Mwana iwe, samala pakamwa. Ine moto ndi mdani amene ndalimbana naye moyo wanga wonse. Ndagonapo m'tchire masiku atatu tikuzimitsa, nsapato kusungunuka kuphazi. Mitengo ya zaka 25 kupsa tsiku limodzi chifukwa cha munthu wosaka mbewa kapena wokwiya ndi malipiro. Lero undiuze kuti nkhalango imafuna moto?

Kondwani: Tadala wayamba dala ndi madala, ine ndangokhala pambali ndi chimanga chokazinga

Tadala: Pepani agogo, sindikupeputsa ntchito yanu. Patula wanu khungwa lake ndi lopyapyala, moto ukadutsa wafa, pamenepo palibe mtsutso. Longleaf ndi wina. Akamera amakhala zaka zingapo osatalika, akuoneka ngati chitsamba cha udzu, uku akuzika muzu pansi. Nsonga yake imabisala pakati pa masamba ataliatali, moto ukadutsa umangowaula masambawo. Kenako amakula mofulumira nkukhala ndi khungwa lochindikala. Kale ziphaliwali zinkayatsa moto zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, eni nthaka a kuno nawonso ankatentha. Moto wake unali waufupi, woyenda m'udzu, wopha zitsamba ndi mitengo ina yofuna kutseka dzuwa. Boma litayamba kuzimitsa moto uliwonse, tchire linatsekeka, udzu unatha, mbewa zinachoka, njoka inasowa chakudya ndi poikira mazira. Pano a zankhalango amayatsa dala, atayeza mphepo ndi chinyezi. Ine ndakhalapo nawo kawiri, tanyamula zoyatsira m'manja.

Nangozo: Zoona, kunonso ndimaona zikwangwani kumayambiriro kwa chaka zochenjeza za utsi, akuti akutentha nkhalango mwadala. Ndinkadabwa.

Aphunzitsi Gondwe: Kwanuko paini wake ndi pitch pine. Zibalobalo zake zina zimakhala zomatidwa ndi utomoni, zimatseguka zikamva kutentha kwa moto, ndipo thunthu likapsa limaphukanso. Dera lonselo, limene amalitcha Pine Barrens, linatetezedwa mu 1978, ndipo kukula kwake kumaposa paki ya Nyika.

Madala Nkhoma: Hmm. Mukanena choncho ndiye mukunena zimene ife timachita m'nkhalango zachilengedwe za misuku ndi mitondo. Timatentha msanga, mu May kapena June udzu usanaumitsitse, kuti moto wa October usadzapeze chakudya. Ameneyo ndi moto woweta. Koma ndikupemphani, mawu akuti nkhalango imafuna moto musamangowaponya pagulu. Wina awerenga mzere umodzi wokhawo, mawa akayatsa phiri la Dedza nkumati anamva kwa ophunzira a ku America.

Tadala: Pamenepo ndavomera agogo. Mtengo wake, nyengo yake, ndi anthu odziwa.

Mai a Yamikani: Nanga moto ukamadutsa njokayo sipsa? Ndikufunsa ndi chiyembekezo.

Tadala: Kkkkk anti, pepani, imangolowa pansi. Kuno anazitsatapo ndi tizipangizo ta wailesi, moto ukayandikira zimalowa mu una, ukadutsa zimatuluka.

Chimwemwe CPT: Zonse mukunenazi zikundikumbutsa njoka ya kuno ku Cape Town, mole snake. Ndimakumana nazo ndikamagwira ntchito m'magadeni a kumchenga. Yakuda bii, yonenepa, mutu waung'ono, mphuno yosongoka, imakhalira kulowa m'mauna a mfuko. Ilibe ululu koma ikaluma imang'amba. Bwana wina anandiletsa kupha, akuti ndi imene imamuthandiza mfuko zikamaononga kapinga. Si mtundu umodzi?

Aphunzitsi Gondwe: Si pachibale chapafupi, achimwene. Zafanana chifukwa ntchito ndi imodzi: wolowa m'mauna amafunika mutu wopyoza ndi khosi lamphamvu. Umboni ndi uwu: yanuyo siikira mazira, imabereka ana amoyo, nthawi zina makumi angapo pakamodzi.

Tadala: Ndipo za mfukozo mwalasa. Kuno kuli kanyama kotchedwa pocket gopher, kofanana ndi mfuko, kokhala ndi matumba m'masaya, kamene kamatutumula timilu ta dothi. Ku Florida ndi ku Louisiana njoka za mtundu uwu zimadalira kanyama kameneka. Imafukula mulu, kulowa mu una, ndipo poti mkatimo mulibe malo odzikulunga, imangokanikizira nyamayo kukhoma la una ndi thupi mpaka kufa. Ikadya imasandutsa unawo nyumba. Ku Florida imalowanso m'mauna a kamba wina wokumba, gopher tortoise. Zikakhala kunja zimadya mbewa, ana a kalulu, ndi mazira a mbalame zoikira pansi.

Kondwani: Kudya mwininyumba nkulanda nyumba. Imeneyo ikanakhala munthu bwenzi ili ku khothi pa nkhani ya malo amasiye

Nangozo: Kondwani kodi sungakhale chete mphindi imodzi kkkkk. Tadala, ya kwanuko ndi yomweyi ndinaonayi?

Tadala: Ndi msuweni wake, Louisiana pine snake, amaiwerenga ngati mtundu pawokha. Imeneyo ndiye yatsala pang'ono zedi, ili m'timadera tochepa ku Louisiana ndi kum'mawa kwa Texas, ndipo boma la America linaiika pa mndandanda wotetezedwa mu 2018. Imaikira mazira atatu mpaka asanu basi, koma ndi aakulu kuposa a njoka ina iliyonse m'dziko muno, dzira limodzi kutalika masentimita 12, mwana kuswa ali kale pafupifupi theka la mita. Kubereka kochepa chonchi, zazikazi zingapo zikagundidwa pamsewu dera lonse latha. Malo osungira nyama a ku Memphis ndi ena akhala akuziswetsa nkukazitulutsa m'nkhalango ya Kisatchie kuyambira 2010. Ine chibwerereni sindinaionepo yam'tchire, ndangoona ya m'galasi. Palinso yakuda thupi lonse ya ku Mississippi ndi Alabama, imene inatetezedwa mu 2015. Ya ku Florida ndi yotuwa, ndipo ndi imene imatalika kwambiri, kupitirira mamita awiri.

Mai a Yamikani: Ndalama kuwonongera kuswetsa njoka. Dziko lakhuta limenelo.

Madala Nkhoma: Mayi, ine sindikonda njoka, koma ndikuuzeni. Kunazale kwathu chaka china anyamata anapha njoka zonse zimene ankazipeza pansi pa machubu. Chaka chotsatira mbewa zinatidyera mbewu pabedi mpaka tinafesa kawiri. Sindikuti musunge mamba m'nyumba. Ndikungoti yopanda ululu, ili kutchire kwawo, ikudya mbewa, yakulakwirani chiyani.

Mai a Yamikani: Bambo, vuto ndi lakuti siyenda ndi chiphaso cholembedwa kuti ndilibe ululu.

Aphunzitsi Gondwe: Pamenepo mayi anena zoona, ndipo a kumudzi kuno musatengere nkhani ya ku America nkuyamba kuyandikira njoka. Kwathu kuli mphiri, mamba, nalikukuti, zoopsa zenizeni. Kumene ali a Nangozo nkosavuta: m'nkhalango ya paini imeneyo yaululu ndi imodzi yokha, timber rattlesnake, mutu wake ndi wotambalala ndipo maseche kumchira amaoneka. Lamulo ndi limodzi konsekonse, imani patali, ipatseni njira.

Nangozo: Ndabweranso abale, patha sabata. Lero ndinadutsa dala njira ija. Njoka sindinaione. Koma chapafupi ndi pamene inalowera patchire pali malo oyera opanda mitengo, ndipo ndaona kamulu ka mchenga watsopano, pambali pake kabowo kopingasa. Sindinayandikire kwambiri. Chandidandaulitsa nchakuti matayala a njinga zamoto adutsa mwina mapazi asanu kuchokera pamenepo.

Tadala: Anti musakumbe, musaikepo miyala kapena nthambi, mthunzi ungaziziritse mazira ngati alimo. Nthambi ya boma la New Jersey yoona za nsomba ndi nyama zakutchire imalandira malipoti a nyama zosowa, pali fomu pa intaneti. Atumizireni chithunzi chija ndi malo ake, iwo okha. Nditumiza ulalo ku inbox.

Nangozo: Tumiza mwanawe, ndidzaza usiku ndikaweruka.

Mai a Yamikani: Achemwali mwafika polembetsa njoka kuboma. Ndikawauza amayi kumudzi sakakhulupirira.

Kondwani: Ana akaswa mu September mutiuze tisonkhe ya chikuta

Madala Nkhoma: Tadala, unditumizire chithunzi cha longleaf ali wamng'ono uja ukuti amaoneka ngati udzu. Ndikufuna ndione ndekha nsonga yake mmene imabisalira.